Mabwalo a Mayiko Okambirana za Antchito Odutsa Malire: Phunziro Lochokera ku Mchinji

Mawu Oyamba

Mu Disembala 2022 amene adali mtsogoleri wa dziko la Malawi pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, pamodzi ndi mtsogoleri wa dziko la Zambia, Hakainde Hichilema, adatsegula chipata chatsopano cha Mchinji-Mwami. Pa chipatachi wapaulendo amaima malo amodzi okha kuti zitupa ndi katundu wake ziunikidwe m'malo moima kawiri monga zinkakhalira kale. Chipata chimenechi ndi chipatso cha zokambirana za pakati pa mayiko. Komabe, makilomita ochepa chabe kuchoka pamenepa pali tinjira ta m'minda ndi m'madambo momwe anthu amadutsa m'mamawa, khasu lili paphewa, kupita kukagwira ganyu mbali inayo. Anthu amenewa sadinditsa chitupa chilichonse ndipo mayina awo salembedwa m'buku lililonse la boma.

Cholinga cha chimangirizo chino ndi kuunika mabwalo amene mayiko amakumanirana pokambirana za anthu opita kunja kukagwira ntchito. Tiyamba ndi kutanthauzira mawu ena ofunika, kenako tiona mbiri ya mabwalowa, zimene apindula ndi pamene akuperewera, potengera moyo wa anthu a m'boma la Mchinji. Mfundo yathu yaikulu ndi yakuti zolinga za mabwalowa zidasintha kwambiri, kuchoka pa kugawana antchito kufika pa kuteteza ufulu wawo, koma wantchito mwiniwake, makamaka wa m'malire, sakhala nawo pa bwalo ndipo zimene zagwirizanidwa sizimupeza m'chiyankhulo chake.

Tanthauzo la Mawu Ena Ofunika

Pa chikhalidwe chathu bwalo ndi malo amene anthu amakumana kuti akambirane nkhani kapena kuweruza milandu. M'chimangirizo chino mawuwa akuimira msonkhano kapena bungwe limene nthumwi za mayiko zimakumaniramo nthawi ndi nthawi. Mabwalo otere alipo a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa mabwalo amene amatulutsa mapangano omanga mayiko ngati lamulo. Mtundu wachiwiri ndi wa mabwalo ongokambirana, kumene nthumwi zimagawana nzeru ndi kupereka malangizo amene dziko likhoza kutsatira kapena kuwasiya.

Ndi bwinonso kusiyanitsa kusayina pangano ndi kulivomereza. Mtsogoleri akasayina pangano amangoonetsa kuti dziko lake likugwirizana ndi mfundo zake. Panganolo limayamba kumanga dziko pokhapokha dzikolo litalivomereza motsatira malamulo ake, ndipo mapangano ambiri sayamba kugwira ntchito mpaka chiwerengero china cha mayiko chitakwana. Kusiyana kumeneku kutithandiza kumvetsa chifukwa chimene mapangano ena amakhalira zaka zambiri ali m'makabati.

Pomaliza, wantchito wodutsa malire ndi munthu amene akugwira ntchito yolipidwa m'dziko limene si nzika yake. Ena mwa anthu otere amakhala kunjako zaka zambiri, ena amapita nyengo ya ulimi yokha, pamene ena amapita m'mawa ndi kubwerera kwawo madzulo.

Boma la Mchinji ndi Malire Ake

Boma la Mchinji, limene atsamunda ankalitcha Fort Manning, lili kumadzulo kwa Lilongwe. Limachita malire ndi dziko la Zambia kumadzulo ndiponso la Mozambique kummwera. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'bomali mudali anthu opitirira 600,000. Ambiri mwa anthuwa ndi alimi a chimanga, mtedza, soya ndi fodya. Mzinda wa Chipata, umene kale unkatchedwa Fort Jameson, uli pafupi kwambiri ndi boma la Mchinji kusiyana ndi mzinda wa Lilongwe.

Malire a Malawi ndi Zambia m'dera lino amatsata zitunda zimene zimagawa madzi opita ku Nyanja ya Malawi ndi opita ku mtsinje wa Luangwa. Palibe mtsinje waukulu woti munthu awoloke. Atsamunda polemba malirewa adadula pakati pa anthu a mtundu umodzi. Achewa a mbali zonse ziwiri amalemekeza Kalonga Gawa Undi ndipo chaka ndi chaka amakumana ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete. Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu ku Mchinji ndi a fuko limodzi ndi Angoni a kwa Mpezeni ku Chipata. Maukwati, maliro ndi zinamwali zimasonkhanitsa anthu a mbali zonse. Chiyankhulo nachonso ndi chimodzi, ngakhale kuti kuno timachitcha Chichewa pamene anzathuwo amachitcha Chinyanja.

Choncho munthu wa kwa Mkanda akapita kukapalira munda wa mlimi wina ku Zambia sadziona ngati wapita kunja. Kwa iye wapita kwa amalume kapena kwa anansi. Koma pamaso pa malamulo munthu ameneyu ndi mlendo amene akugwira ntchito popanda chilolezo. Vuto lonse la wantchito wa ku Mchinji lagona pa kusiyana kwa maonedwe awiriwa.

Mabwalo a Nthawi ya Atsamunda

Maulendo ofuna ntchito kunja adakula pamene atsamunda adakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890. Amuna adayamba kuyenda pansi kupita ku migodi ndi minda ya Azungu ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi South Africa. Bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu ankalitcha Wenela, linkalemba anthu opita ku migodi ya golide. Mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera m'mayiko otentha a kumpoto chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, koma chiletsochi chidachotsedwa m'zaka za m'ma 1930.

Mu 1935 boma la Nyasaland lidakhazikitsa komiti yofufuza za anthu opita kunja, imene wapampando wake adali Travers Lacey. Komitiyi idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko ndipo idachenjeza kuti moyo wa m'midzi ukusokonekera chifukwa minda ndi mabanja zidatsala m'manja mwa amayi ndi nkhalamba. Chaka chotsatira, mu 1936, maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia adakumana ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, ndipo adagwirizana za zitupa za antchito, kayendedwe kawo ndi kubwerera kwawo pakatha nthawi yoikika. Tikhoza kunena kuti limeneli ndi limodzi mwa mabwalo oyamba amene adakambirana za wantchito wa dziko lino.

Chofunika kuzindikira ndi chakuti pa bwalo limeneli padakhala abwanamkubwa ndi akuluakulu a maboma a atsamunda. Nkhawa yawo yaikulu idali yakuti migodi ndi minda ipeze antchito okwanira, ndiponso kuti msonkho usathawe. Wantchito adali ngati katundu wogawana. Mbiri imeneyi idasiya zipsera m'chiyankhulo chathu. Mawu akuti Joni, Wenela, Mthandizi, Ulere, chitupa ndi matchona adakhazikika m'nthawi imeneyi. Mthandizi lidali bungwe lolemba anthu opita ku minda ya ku Southern Rhodesia, pamene Ulere adali magalimoto onyamula antchito mosalipiritsa. Amene ankapita okha osadzera ku mabungwewa ankati apita pa selufu. Mtchona ndi munthu amene adapita osabwerera, ndipo palibe mudzi wakale umene ulibe nkhani ya mtchona wake.

Kuchokera ku Francistown Kufika ku Lusaka

Dziko la Malawi litalandira ufulu mu 1964, boma la Kamuzu Banda lidapitiriza kutumiza antchito ku migodi. Mu 1967 lidasayinirana pangano la zantchito ndi boma la South Africa. Gawo lina la malipiro a antchito linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi, ndipo njira imeneyi inkabweretsera boma ndalama zakunja. Pofika mu 1973 Amalawi opitirira 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela imene idanyamula antchito obwerera kumudzi idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana. Amalawi 74 adafa pa ngoziyi. Kamuzu Banda adalamula kuti kulemba anthu kuime ndipo Amalawi ochuluka adabwerera kwawo m'zaka ziwiri zotsatira. Ambiri mwa iwo adapeza kuti ntchito imene idalipo kumudzi idali ya m'maesiteti a fodya amene pa nthawiyo ankatsegulidwa m'maboma a Kasungu, Mchinji ndi ena a m'chigawo cha pakati. Kulemba anthu kudayambiranso mu 1977 pansi pa dzina latsopano la TEBA, limene anthu ankalitchula kuti Theba, koma chiwerengero chidali chochepa kwambiri poyerekeza ndi kale. Mu 1988 padabuka mkangano pakati pa maboma awiriwa pa nkhani yoyeza antchito kachilombo ka HIV, ndipo Amalawi pafupifupi 13,000 adabwezedwa kumudzi m'zaka zotsatira. Apa mpamene padathera ulendo wa ku migodi wodzera ku boma.

M'zaka zomwezi maganizo a mayiko pa nkhani ya antchito adayamba kusintha. Mu Epulo 1978 ku Lusaka kudachitika msonkhano waukulu wokambirana za antchito odutsa malire kummwera kwa Africa. Msonkhanowu udatulutsa chikalata cha ufulu wa antchito otere, ndipo bungwe la United Nations lidachivomereza m'chaka chomwecho. Nkhani idasintha kuchoka pa funso lakuti antchito tigawana bwanji kufika pa funso lakuti antchitowa ali ndi ufulu wanji. Phunziro limene mayiko otumiza antchito adatola ndi lakuti dziko limodzi palokha lilibe mphamvu zokwanira pokambirana ndi eni migodi. Paja mutu umodzi susenza denga.

Mabwalo a Masiku Ano

Mabwalo amene alipo lero tikhoza kuwagawa m'magulu anayi: a dziko lonse lapansi, a Africa, a chigawo chino ndi a pakati pa mayiko awiri.

Pa dziko lonse lapansi bwalo lakale kwambiri ndi bungwe la International Labour Organization, mwachidule ILO, limene lidakhazikitsidwa mu 1919. Bungweli ndi losiyana ndi ena chifukwa pa misonkhano yake pamakhala mbali zitatu: boma, olemba anthu ntchito ndi mabungwe a antchito. Mu 1949 lidatulutsa pangano nambala 97 lokhudza anthu opita kunja kukagwira ntchito, ndipo dziko la Malawi lidalivomereza mu 1965. Mu 1990 bungwe la United Nations lidatulutsa pangano loteteza ufulu wa antchito onse odutsa malire pamodzi ndi mabanja awo. Panganoli lidayamba kugwira ntchito mu 2003 ndipo Malawi adalivomereza mu 2022. Palinso mabwalo ongokambirana monga Global Forum on Migration and Development, limene lidakumana koyamba ku Brussels mu 2007, ndi mgwirizano wa Global Compact for Migration wa mfundo 23 umene udavomerezedwa ku Marrakech m'dziko la Morocco mu Disembala 2018.

Mu Africa, bungwe la African Union lidatulutsa pangano la ufulu wa kayendedwe ka anthu mu Januwale 2018. Panganoli limafuna kuti mayiko 15 alivomereze kuti liyambe kugwira ntchito, koma patatha zaka zisanu mayiko amene adali atalivomereza adali anayi okha.

M'chigawo chino muli mabungwe awiri akuluakulu amene Malawi ndi Zambia onse ndi mamembala. Loyamba ndi SADC, limene lidayamba ngati SADCC ku Lusaka mu 1980. Mu 1995 padalembedwa maganizo oti anthu aziyenda momasuka m'chigawo chonse, koma mayiko a South Africa, Botswana ndi Namibia adawakana poopa kuti anthu ofuna ntchito akhamukira kwawo. Pangano lofewerapo lidasayinidwa mu 2005. Ilo limalola nzika ya dziko limodzi kulowa m'dziko lina popanda viza kwa masiku 90 pa chaka, koma pofika mu 2020 lidali lisanayambe kugwira ntchito chifukwa mayiko olivomereza adali asanakwane magawo awiri mwa atatu. Bungwe lachiwiri ndi COMESA, limene lidakhazikitsidwa ku Lilongwe mu Disembala 1994 ndipo likulu lake lili ku Lusaka. Nalonso lili ndi pangano la mu 2001 la ufulu wa kayendedwe ka anthu ndi antchito, limene lidavomerezedwa ndi mayiko ochepa kwambiri. Pambali pa mabungwe awiriwa pali bwalo longokambirana la Migration Dialogue for Southern Africa, mwachidule MIDSA, limene lidayamba mu 2000 mothandizidwa ndi bungwe la International Organization for Migration. Nduna za mayiko zidakumana koyamba pa bwalo limeneli ku Windhoek mu 2010.

Gulu lomaliza ndi la mabwalo a pakati pa mayiko awiri. Malawi ndi Zambia ali ndi makomiti okhazikika amene amakumana kukambirana za chitetezo, malonda ndi mavuto a m'malire. Mabwalo amenewa ndiwo ali pafupi kwambiri ndi munthu wa ku Mchinji.

Zimene Mabwalowa Apindula

Kungakhale kulakwitsa kunena kuti mabwalowa sadabweretse phindu lililonse. Poyamba, kuyenda pakati pa Malawi ndi Zambia n'kosavuta chifukwa nzika za mayiko awiriwa sizifunika viza, ndipo anthu a m'malire akhoza kutenga chiphaso cha masiku ochepa m'malo mwa pasipoti. Chachiwiri, mu 2010 bungwe la COMESA lidayambitsa ndondomeko yopeputsa malonda ang'onoang'ono, ndipo chipata cha Mchinji-Mwami chidali chimodzi mwa zipata zoyamba kuigwiritsa ntchito. Mayi wogulitsa mtedza kapena nyemba amadzaza pepala lalifupi m'malo mofuna munthu womulembera zikalata za kasitomu. M'chaka chomwecho njanji ya pakati pa Mchinji ndi Chipata idatsegulidwa.

Chachitatu, zokambirana za mayiko zidathandiza kuti pakhale malamulo olimbana ndi mchitidwe wozembetsa anthu. Dziko la Zambia lidakhazikitsa lamulo lake mu 2008 ndipo Malawi adakhazikitsa lake mu 2015. Lamuloli lisanabwere, munthu wogwidwa akuzembetsa ana kupita nawo ku minda ya kunja ankazengedwa mlandu pogwiritsa ntchito malamulo ena amene zilango zake zidali zochepa. Kwa boma ngati Mchinji, limene lakhala likutchulidwa kawirikawiri pa nkhani za ana otengedwa kukaweta ng'ombe kapena kukagwira ntchito m'minda ya fodya, kusinthaku n'kofunika kwambiri.

Chachinayi, mabwalowa adakweza nkhani ya ndalama za antchito akale. Mu 2020 bungwe la SADC lidavomereza malangizo othandiza kuti munthu amene adagwira ntchito m'dziko lina athe kulandira penshoni ndi chipepeso chake ali kwawo. Nkhani imeneyi ikukhudza agogo ambiri amene adabwera ku Joni ndi chifuwa chosatha.

Pamene Mabwalowa Akuperewera

Kuperewera koyamba n'kwakuti mapangano ambiri amaganizira wantchito amene ali ndi pasipoti, chilolezo ndi kontirakiti yolembedwa. Pangano nambala 97 la ILO limateteza anthu amene adalowa m'dziko movomerezeka ndipo limanena momveka kuti silikhudza antchito a m'malire. Tiyerekeze mnyamata wa ku Mchinji amene wagwirizana pakamwa ndi mlimi wa ku Zambia kuti agwire ntchito nyengo yonse ya fodya ndipo adzalandire ndalama fodya akagulitsidwa. Mwezi wa Juni ukafika, mlimi uja akhoza kunena kuti fodya sadayende bwino pamsika, kapena kuchotsera mtengo wa chimanga chimene mnyamatayo adadya, mpaka ndalama yonse kutha. Mnyamatayu sangapite ku ofesi ya zantchito ya ku Zambia chifukwa funso loyamba lidzakhala la zitupa zake. Sangapitenso ku ofesi ya ku Mchinji chifukwa mphamvu zake zimathera pa malire. Amangobwerera kumudzi chimanjamanja. Akuluakulu adati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna.

Anthu otere sachepa, ndipo chimene chimawakoka n'chodziwika. Minda ikuchepa pamene anthu akuchuluka, feteleza adakwera mtengo, ndipo ndalama ya Malawi idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ganyu wolipidwa m'makwacha a ku Zambia amaoneka wonona akasinthidwa kukhala ndalama ya kuno. Mu 2021 nyumba ya malamulo ya Malawi idathetsa utenanti m'maesiteti, koma lamulo limeneli silingatsate Mmalawi amene wakalowa utenanti kunja kwa dziko.

Kuperewera kwachiwiri n'kwakuti mabwalo amene amakumana kawirikawiri ndi aja ongokambirana, pamene mapangano omanga amachedwa kuvomerezedwa. Pangano la mu 1990 la United Nations limatchula mwachindunji antchito a m'malire ndi a nyengo, ndipo limateteza ngakhale amene alibe zitupa pa nkhani ya malipiro. Koma pangano limamanga dziko lokhalo limene lalivomereza, ndipo mayiko ambiri olandira antchito, kuphatikizapo South Africa kumene Amalawi ochuluka amapita, sadalivomereze. Ziwawa zochitira alendo zimene zidabuka ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015, pamene boma la Malawi lidachita kutumiza mabasi kukatenga nzika zake, zidaonetsa kuti mawu a pa msonkhano sateteza munthu pa tsiku la tsoka. Ngakhale chipepeso cha ndalama zokwana 5 biliyoni randi cha antchito akale a m'migodi ya golide odwala matenda a m'mapapo chidabwera kudzera ku khoti, limene lidachivomereza mu 2019, osati kudzera ku msonkhano wa nduna.

Kuperewera kwachitatu, kumene kukutikhudza kwambiri ife ophunzira ziyankhulo, ndi kwa chiyankhulo. Zikalata za SADC zimalembedwa m'Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo mu 2019 Chiswahili chidavomerezedwa kukhala chiyankhulo chachinayi cha bungweli. Chichewa, chimene chimayankhulidwa ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi madera ena a Zimbabwe, sichili pa mndandandawu, ngakhale kuti bungwe la African Union loona za ziyankhulo, ACALAN, lidachisankha kukhala chimodzi mwa ziyankhulo zolumikiza mayiko kummwera kwa Africa. Pangano la mu 1990 limanena kuti wantchito ali ndi ufulu wouzidwa za ufulu wake mwaulere ndiponso, ngati n'kotheka, m'chiyankhulo chimene amamva. Ufulu umene munthu saudziwa uli ngati chimanga chimene chatsekeredwa m'nkhokwe ya eni pamene iye akugona ndi njala. Wozembetsa anthu amafika pamudzi ndi kuyankhula Chichewa chomveka bwino, ndipo amalonjeza njinga, wayilesi ndi ndalama. Pangano lomuteteza munthuyo limakhala m'Chingerezi ku Gaborone. N'zosadabwitsa kuti mawu a wozembetsayo ndiwo amamveka.

Vuto lomweli limaonekanso pa maulendo akutali. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 adanyamuka kupita ku Israel kukagwira ntchito m'minda, ndipo padali mafunso ambiri okhudza zimene zidali m'makontirakiti awo. Mu 2024 wayilesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene adazunzika akugwira ntchito za m'nyumba ku Oman. Munthu akasayina pepala limene sakulimvetsa bwino amakhala ataika moyo wake m'manja mwa amene wamuwerengera.

Zoyenera Kuchita

Poona zonsezi, pali zinthu zinayi zimene zingathandize. Choyamba, maboma a Malawi ndi Zambia akhoza kugwirizana za chilolezo chapafupi cha antchito a nyengo, chotsika mtengo ndiponso chopezeka pa boma kapena pa chipata. Ngati zidatheka kupeputsa zikalata za wamalonda wamng'ono, zingathekenso kupeputsa za waganyu. Munthu amene ali ndi chilolezo sachita mantha kukadandaula akaberedwa.

Chachiwiri, maofesi a zantchito a ku Mchinji ndi a ku Chipata azikhala ndi njira yotumizirana madandaulo, kuti munthu amene sadalipidwe mbali ina athe kudandaula mbali inayo. Chachitatu, mafumu, mabungwe a antchito ndi anthu amene adagwirapo ntchito kunja azipatsidwa mpando pa misonkhano ya m'malire. Nyakwawa imadziwa mnyamata amene wachoka m'mudzi, amene wamutenga ndi kumene wapita. Nzeru zotere sizipezeka m'malipoti a ku likulu.

Chachinayi ndi ntchito yathu. Madipatimenti a ziyankhulo m'sukulu zaukachenjede, mogwirizana ndi Centre for Language Studies ku Zomba ndi anzathu a ku Zambia, akhoza kumasulira mfundo zikuluzikulu za mapanganowa ndi kukonza chitsanzo cha kontirakiti ya tsamba limodzi m'Chichewa. Kontirakiti yotere itchule ntchito, nthawi, malipiro, tsiku lolandira ndi mboni. Ntchitoyi ikufuna kusamala posankha mawu kuti amveke mbali zonse ziwiri za malire, ndipo uthenga wake ukhoza kufalitsidwa kudzera m'mawayilesi a m'madera, m'mipingo ndi m'misika monga ya Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda.

Mawu Omaliza

M'chimangirizo chino taona kuti mabwalo okambirana za antchito odutsa malire ali ndi mbiri yaitali, kuyambira pa msonkhano wa ku Salisbury wa mu 1936 kufika pa mgwirizano wa ku Marrakech wa mu 2018. Taona kuti cholinga chawo chidasintha kuchoka pa kugawana antchito kufika pa kuteteza ufulu wawo, ndipo kuti adabweretsa phindu looneka monga malamulo oletsa kuzembetsa anthu ndi kupeputsa malonda a m'malire. Taonanso kuti waganyu ndi tenanti wa ku Mchinji adakali kunja kwa chitetezo chimenechi chifukwa alibe zitupa, mapangano omuteteza amachedwa kuvomerezedwa, ndipo uthenga wake sumupeza m'chiyankhulo chake. Pa bwalo la kumudzi mlandu sukambidwa mwiniwake palibe. Mabwalo a mayiko nawonso adzakhala ndi tanthauzo kwa anthu a m'malire pamene mnyamata wodutsa m'tinjira ta kwa Mkanda adzadziwa zimene malamulo akunena za iye, ndiponso khomo limene angagogode ngati sadalipidwe.